Mapeyala Alowa Chizungu ku Nkhata Bay

Mnyamata wina amene amaphika pa loji ina cha ku Chikale anaganiza zoonetsa abale ake kuti ntchito yamutsegula m'maso. Loweruka anafika kwawo ndi mapeyala akupsa, anyezi, tomato, mandimu ndi kambuzi, nati lero mudya guacamole ya bekoni. Atayamba kukanya mapeyala ndi foloko, agogo ake anasendera pafupi, nayang'anitsitsa m'mbalemo.

"Mwanawe, m'nyumba muno mwabadwa khanda lopanda mano?"

"Ayi agogo, izi ndi zakudya za ku Mexico."

Agogo anangoti chete. Koma ataona mchere ndi anyezi zikugwera pa peyala, anamasula mfundo ya chitenje chawo: "Ukanangonena kuti shuga watha. Tenga, thamanga kugolosale."

*

Bambo wa mnyamatayo atamva mtengo wa kambale kamodzi ka zimenezi kulojiko, anatuluka panja osayankhula. Anakaima pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene galu wawo wonenepa anali kunyambita lakugwa lokha usiku. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati: "Iwe Bingo, zaka zonsezi ukudya ngati mzungu, osalipirako n'kamodzi komwe."

*

Vuto linali bekoni. Pamsika wa pafupi ndi jeti mupeza usipa, batala, chinangwa ndi nthochi zambirimbiri, koma timapepala ta nyama ya nkhumba yothira mchere ndi kufukiza utsi timafuna ukwere minibasi, ukhotekhote mapiri mpaka ku Mzuzu. Mnyamata anayesa kaye kwa wogulitsa kapado.

"Ada, mundidulire yopyapyala kwambiri, yoti muziona dzuwa mukaikweza."

Wakapado anaika mpeni pansi. "Achimwene, ndikadula choncho anthu akaona, mawa anena kuti ndayamba kuba. Ndili ndi ana kusukulu ine."

Bekoni ya ku Mzuzu itafika, inakazingidwa mpaka kuuma kuti gwa, monga ifunikira kuti ithe kuphwanyidwa tizidutswa. Bekoni ikapsa imataya mafuta n'kukhwinyata. Malume amene anathandiza kulipira anasuzumira m'chiwayamo, nayang'ana pakamwa pa wophika.

"Mphwanga, ndinaiona ikulowa ndi maso angawa. Tayasamula."

*

Azakhali ena opemphera pa Sabata anati iwo peyala adya, nkhumba ayi. Pamenepo anali ndi mfundo kuposa mmene ankadziwira, chifukwa Aaziteki ankakanya mapeyala kalekale Asipanishi asanafike ku Mexico mu 1519, ndipo nkhumba zinabwera ndi alendowo. Wophika anawapatulira mbale yawoyawo yopanda nyama. Kamnyamata ka sitandade 4 kanakhala pafupi nawo n'kunena mwaulemu: "Azakhali, gawo lanu la nkhumba lija andipatse ine, kuopa kuti lingakuyeseni."

*

Tsiku lina wophika uja anakonzera mlamu wake wochokera ku Likoma pa sitima ya Ilala. Changu chinamupha: anakanya m'mamawa, naiwala mandimu, nasiya mbale yosavundikira. Peyala likakhudzana ndi mpweya limada, ndipo madzi a mandimu ndiwo amachedwetsa kudako. Mlamu akufika, pamwamba ponse panali pabulawuni. Amayi anaitanira mwana wawo kuseri: "Mbale ija wina wadutsapo. Ndinakuuza kuti usamaonetse anthu kuti ukulemera." Mnyamata anapala pamwambapo ndi supuni, pansi pakutuluka chobiriwira bwinobwino. Amayi anaomba m'manja, ndipo kuyambira tsiku limenelo supuniyo saibwereketsa.

*

Ku Mexico amadyera timagawo touma ta chimanga. Kuno wophika wathu anakazinga chinangwa chopyapyala, ndipo ine ndikuti chinangwacho chinapambana. Agogo okha anakana zoseweretsa chakudya. Anaitanitsa kondowole, nasamba m'manja, natema mbamu, naviika. Anaviikanso. Mbale itayera anapukuta pakamwa.

"Ndiwo zakezi n'zabwino ndithu, mwanawe. Koma zosapsa. Mawa uziike pamoto."