Nkhokwe ya Zithunzi Ikasowa pa Kompyuta: Ndondomeko Yoyenera Banja la mu Blantyre

Nkhokwe ya zithunzi ndi malo amene kompyuta imasungamo zithunzi za mwini wake pamodzi ndi kaundula wake wonse: tsiku lojambulira, maalubamu, ndi zonse zimene zinakonzedwa pofuna kuti nkhope ya mkwati iwale kuposa mmene Mlengi anaiumbira. Pa makompyuta a Apple, pulogalamu ya Photos, imene inalowa m'malo mwa iPhoto mu 2015, imaunjika zonsezi m'fayilo imodzi yaikulu yotchedwa Photos Library, ndipo fayiloyo imakhala m'foda ya Pictures. Pa Windows zithunzi zimakhala m'mafoda wamba, pulogalamu imangoloza kumene zili. Vuto limayamba tsiku limene pulogalamu itsegulidwa n'kulengeza m'Chingerezi chaulemu kuti nkhokweyo sikuipeza. Mu Blantyre tsiku limeneli limakonda kukhala Loweruka masana, apongozi ochokera ku Thyolo atakhala kale pa sofa kudikira zithunzi za chinkhoswe chimene anasonkhera mbuzi.

Chofunika kuchimvetsa, ngakhale chimachepetsa chisangalalo cha mkangano, n'chakuti nthawi zambiri zithunzi zimakhala zisanapite kulikonse. Chimene chasokonekera ndi njira. Kompyuta imadziwa nkhokwe yake monga mlendo amadziwira nyumba ku Ndirande: mukatsika pa msika mulowere kumanzere, mukaona mtengo wa mango mukhote, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira. Wina akadula mangowo kapena kupaka chitseko penti ina, mlendo amabwerera n'kukanena kuti banja lija linasamuka, pamene eni ake ali m'nyumba akudya nsima. Foda ikasinthidwa dzina, ikakokeredwa pa Desktop, kapena hard drive yolumikiza panja ikazulidwa, pulogalamu imaima pamene panali mango n'kuyamba kudandaula.

Zoyambitsa zina n'zapakhomo pano. Magetsi akathima pulogalamu ili mkati molemba kaundula, kaundulayo amaonongeka ngakhale zithunzi zili bwinobwino. Laputopu zambiri za mumzinda muno batire yake inatha kalekale, moti magetsi akangoti phethi nayo imazima nthawi yomweyo. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makompyuta a ku Chilomoni ndi Machinjiri anaphunzira kuzima pakati pa ntchito mwaluso losasimbika. Palinso laputopu zobwera ndi achimwene ochokera ku Joni, zimene zimafika ndi akaunti ya mwini wake wakale. Zithunzi zosungidwa m'akaunti imeneyo sizioneka munthu akatsegula akaunti yatsopano m'dzina lake. Ndiye pali fulashi, imene yayendera makompyuta onse osindikiza makalata ofunsira ntchito kuyambira pa Ginnery Corner mpaka ku Limbe, n'kubwerako itanyamula matenda.

Ndondomeko yabwino imayamba ndi kupeza wolakwa. Kukhudza kompyuta wolakwa asanadziwike n'kupupuluma, chifukwa vuto likatha msanga sipakhalanso wodzudzula. Woyamba kumuganizira ndi mwana wa Fomu 2, pakuti ndi yekhayo m'nyumbamo amene amadziwa pasiwedi ya bambo ake. Akakana, mlandu umapita kwa mphwawo wa bambo amene anabwera kudzafuna ntchito mu 2019 ndipo akadali m'chipinda cha alendo. Akakananso ameneyo, pamatsala mtsikana wantchito, amene sanayatsepo kompyutayo chibwerereni, koma anaipukuta fumbi Lachiwiri. Bambo mwini wake, amene anasamutsa foda usiku wina pofuna malo oikapo mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, ndiye amakhala wapampando wa bwalo, ndipo wapampando safunsidwa.

Bwalo likatha amayamba mankhwala a kunyumba. Laputopu imamenyedwa pang'ono m'mbali ndi chikhatho, osati mwaukali, koma mokwanira kuti idziwe kuti pakhomo pali akuluakulu. Hard drive yokhala ndi mbale yozungulira mkati imadana kwambiri ndi kugwedezedwa ikugwira ntchito, choncho njira imeneyi ili ndi ubwino wake: vuto longoyerekeza limasanduka lenileni, ndipo kulira kwa banja kumapeza maziko. Kenaka amauzira mpweya pa bowo la USB. Kuzimitsa ndi kuyatsanso kompyuta kamodzi kumathandizadi nthawi zina. Kuchita zimenezi kasanu ndi kawiri kumathandiza kuti alendo aone kuti mwini nyumba sakungokhala. Amene amapita kumapiri a Soche ndi Ndirande kukapemphera angathe kuipereka nkhaniyi kumeneko, bola asanyamule laputopuyo nyengo ya mvula.

Pa Mac pali msampha wokoma kwambiri. Pulogalamu ikalephera kupeza nkhokwe imapereka mwayi wosankha ina kapena kupanga yatsopano. Munthu wofuna nkhani yoti azidzasimba kumaliro adine popanga yatsopano. Uthenga wodandaula uja umachoka nthawi yomweyo, Photos imatseguka yoyera mbee, mulibe chithunzi ngakhale chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo pulogalamu imangotsegula nkhokwe yopanda kanthuyo, chifukwa imakumbukira imene inatsegulidwa komaliza. Nkhokwe yakale imakhala ili phee pamene inasiyidwa. Banja likhoza kukhala miyezi ingapo likulira zithunzi zimene zili m'foda yoyandikana nayo.

Anthu opanda chidwi ndi mwambo amathetsa zonsezi m'mphindi zochepa, ndipo njira yawo ikulembedwa pano kuti owerenga aidziwe n'kuipewa. Amayamba alumikiza hard drive imene inazulidwa, imene kawirikawiri imapezeka kuseri kwa TV. Akatero amatseka Photos, n'kuitsegulanso atagwira batani la Option. Pamatuluka mndandanda wa nkhokwe zimene kompyuta ikuziona, ndipo amasankha yaikulu, osati yaing'ono yobadwa dzulo ija. Ikapanda kuoneka pamndandanda, amalemba mawu akuti photoslibrary m'malo ofufuzira a Finder, ndipo saiwala kusuzumira mu Trash, mmene zinthu zambiri za m'banja zimakapumulira. Ngati nkhokwe ilipo koma ikukana kutseguka, amaikopera kaye pamalo ena, kenaka amatsegula Photos atagwira Option ndi Command pamodzi, ndipo pulogalamu imayamba kukonza kaundula wake. Ntchito imeneyi imatha kutenga maola nkhokwe ikakhala yaikulu, choncho anthu amenewa amaichita tsiku limene dera lawo lili ndi magetsi, kapena amakapempha soketi kwa mnzawo wa jenereta. Pomaliza amalowa mu Settings, pa General, n'kuiuza kompyuta kuti nkhokwe imeneyi ndiyo System Photo Library. Zithunzi zofufutidwa mwangozi mkati mwa Photos zimakhala mu Recently Deleted kwa masiku 30. Palibe amene anatchukapo m'dera chifukwa chochita zimenezi.

Pali mfundo ina imene ogulitsa ma hard drive mumsewu wa Haile Selassie sayenera kuvutitsidwa nayo, chifukwa funso lotere limachedwetsa malonda. Hard drive zambiri zimabwera zitakonzedwera Windows, m'kalembedwe kotchedwa NTFS, kamene Mac imatha kuwerenga koma siitha kulembamo payokha. Nkhokwe ya Photos imafuna APFS kapena Mac OS Extended. Kusintha kalembedweka kumafufuta zonse zimene zili pa hard drive, choncho munthu wokonda zochitika aziyamba ndi kusintha, kukopera adzaganize pambuyo pake.

Pa Windows nkhani imakhala ya zilembo. Hard drive imene dzulo inali E lero imatha kudzuka ili F, chifukwa wina analowetsa fulashi ya nyimbo za kwaya isanalumikizidwe. Mapulogalamu a ojambula maukwati, monga Lightroom, amaika chizindikiro cha funso pa foda iliyonse imene sakuipeza, ndipo wojambula wa ku Zingwangwa amayamba kukonza mawu okauza akwati. Kubwezera chilembo chakale mu Disk Management, kapena kuilozera pulogalamu pamene foda ili tsopano, kumathetsa zonse. Matenda a fulashi aja ali ndi chizindikiro chodziwika: mafoda onse amasanduka ma shortcut, koma fulashi imaonetsabe kuti ndi yodzaza. Vairasi imeneyi siidya zithunzi, imangozibisa. Ikachotsedwa ndi antivirus, lamulo lakuti attrib -h -r -s /s /d, lolembedwa mu Command Prompt munthu atalowa pa chilembo cha fulashiyo, limatulutsa zonse poyera. Lamuloli ndi lalifupi kwambiri moti katswiri wanzeru amamutuma kaye kasitomala kukagula Fanta kuti asaone zimene walipirira.

Njira yolemekezeka ndi kupita nayo kwa katswiri. Laputopu imakulungidwa m'chitenje, imakwera minibasi ya mu Highway, n'kukatsikira ku Limbe, kumene m'tinjira ta pafupi ndi msika muli anyamata ofulasha mafoni ndi oika nyimbo m'mamemore khadi. Ambiri mwa iwo amadziwa ntchito yawo, ndipo ena apulumutsa zinthu zimene mashopu akuluakulu anazilephera. Koma wofuna kutsatira ndondomeko ino asankhe amene amanena kuti "iyi ingofunika kufomata basi, bwana" chikwama chisanatsegulidwe. Kufomata kumachiritsadi uthenga wodandaula uja, pakuti kompyuta yopanda kanthu ilibe choti isowe. Katswiri wotere amaikamonso Windows yatsopano, masewera a mpira, ndi maulaliki angapo ngati basela.

Basela limeneli ndilo limamaliza ntchito. Fayilo ikafufutidwa pa hard drive ya mbale, siichoka nthawi yomweyo. Kompyuta imangolemba kuti malowo ndi aulere. Mapulogalamu monga Recuva ndi PhotoRec amatha kutola zithunzi zoterezi malinga ngati sipanalembedwe china pamwamba pake. Filimu iliyonse yoikidwa pambuyo pake imakhala pamalo pa chithunzi cha winawake, ndipo chikakwiriridwa sichibweranso. Pa laputopu zatsopano zokhala ndi SSD mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa zimayeretsa zokha malo ofufutidwa posakhalitsa. Munthu wosamala amasiya kuigwiritsa ntchito kompyutayo akangozindikira kuti wafufuta, ndipo zimene wapulumutsa amaziika pa hard drive ina. Munthu wa ndondomeko ino amakopera pulogalamu yopulumutsirayo pa hard drive yomweyo imene akufuna kuipulumutsa.

Zikafika apa pamatulukira mlamu wa ku Namiwawa amene amafunsa chifukwa chimene zithunzi sizinaikidwe pa intaneti. Funso lake ndi labwino, ndipo liyankhidwe mwaulemu poti ndiye amabwereketsa galimoto. iCloud imapereka malo aulere okwana 5GB, amene vidiyo ya perekaniperekani yokha imawadzaza gule asanafike kwa akuchimuna. Google imapereka 15GB zogawana ndi Gmail, ndipo inasiya kusunga zithunzi mopanda malire pa 1 Juni 2021. Kukweza zonsezo kumadya bandulo, ndipo malo oonjezera amafuna khadi la kubanki lolipira kunja, nkhani imene m'masiku a kusowa kwa ndalama zakunja imayambitsa mkangano wina. Amene anakwezadi zithunzi zawo amakhala ataiwala pasiwedi, ndipo nambala yolandirira uthenga wotsimikizira ndi ija anaisiya nthawi yolembetsa ma SIM khadi mu 2018.

Chotsalira ndi kusonkhetsa. Uthenga umatumizidwa ku gulu la WhatsApp la komiti ya ukwati, limene silinatsekedwe chifukwa ndalama za tenti sizinalongosoledwe mpaka lero. Zithunzi zimabwera zambiri, zonse zitapanikizidwa ndi WhatsApp mpaka nkhope ya ankhoswe kuoneka ngati inajambulidwa m'chifunga cha chiperoni, ndipo theka lake ndi za anthu odzijambula okha, akwati akuoneka patali kumbuyo. Wojambula amene analembedwa ntchito tsikulo angakhale akadali nazo zenizeni, koma kumuimbira foni kumafuna kulimba mtima, chifukwa amakumbukira bwino ndalama yotsala imene analonjezedwa kuti adzalandira mphatso zikawerengedwa.

Kupewa vutoli n'kosavuta moti mabanja ambiri amakuona ngati kunyoza. Mac ili ndi Time Machine kuyambira 2007, ndipo Windows ili ndi File History kuyambira 2012. Zonse ziwiri, zikangoyatsidwa, zimakopera zokha hard drive yachiwiri ikalumikizidwa. Odziwa ntchito amasunga makope atatu, pa zipangizo zamitundu iwiri, ndipo kope limodzi limakhala kunyumba ina, ngakhale kwa mlamu wa ku Namiwawa uja. Fulashi yotchipa modabwitsa iyesedwe kaye isanapatsidwe udindo, chifukwa zina zimalembedwa kukula kumene zilibe ndipo zikadzaza zimaononga mafayilo mwakachetechete. Zithunzi makumi awiri zofunika kwambiri zikatsukidwe ku studio n'kuikidwa mu alubamu, imene siifuna magetsi kapena pasiwedi. Amene aona kuti zonsezi n'zotopetsa angathe kugula hard drive yachiwiriyo n'kumaisunga m'chikwama chimodzi ndi laputopu, kuti wakuba wa pa depoti asavutike kubwera kawiri.