Kalata yochokera ku Joni: chinanazi chosadyeka

Okondedwa amalume,

Zandipeza zoti mukuuza anthu kuti eni dziko lino ndalama zinawazunguza mitu, poti amatha mafuta tsiku lathunthu kukaona zachibwana za m'mbali mwa msewu. Mundilole ndiwaikire kumbuyo, ngakhale umboni ukuoneka ngati uli mbali yanu. Ku Bathurst, m'chigawo cha Eastern Cape, alimi anamanga chinanazi chotalika mamita oposa 16, cholowamo anthu koma chosadyeka. Ku Calvinia anatenga thanki ya madzi n'kuisandutsa bokosi loponyamo makalata lotalika mamita 6. Pa mlatho wa Bloukrans, mamita 216 kuchokera pansi, bambo wandevu zake amalipira kuti amumange chingwe m'miyendo adziponye kuphompho. Kwathuko tikadamugwira n'kuitana abusa.

Komatu amalume, m'misewu ikuluikulu ya kuno galimoto zimaloledwa kuthamanga makilomita 120 pa ola, moti kamzinda kakang'ono dalaivala amakadutsa asanaphethire n'komwe. Galimoto yongodutsa imasiya utsi, pamene yoima imasiya ndalama ya mafuta, ya chakudya, mwinanso ya chipinda chogona. Ntchito ya chinanazi chija n'kupondetsa buleki basi. Anyamata ogulitsa mbewa pamsewu wa M1 kwathuko nzeruyi amaidziwa kale, kungoti mpani wawo ndi waufupi. Mudzati ndalama zomangirazo bwenzi atagulira amphawi ufa. Amphawi aliko, ambiri zedi, sindikutsutsa. Koma ufa sutha mwezi uli m'thumba, pamene chinanazi chaima kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo wosesa pabwalo ndi wogulitsa jamu akudyerabe pomwepo.

Mudzatinso zimenezo n'za anthu a mpamba waukulu. Ayi ndithu. Pamsewu wa R62, pafupi ndi Barrydale, pali kasitolo kamene anzake a mwiniwake, pofuna kumuseka, anawonjezera liwu limodzi pa dzina lolembedwa pakhoma, liwu loti sindingalilembe m'kalata yopita kwa amalume. Lero ndi bala yotchuka, ndipo alendo ochokera kutsidya kwa nyanja amaima kudzajambulitsa. Mpamba wake unali chitini cha penti.

Tsono ndalama ndikutumiza mwezi unoyi musagulirenso mbuzi ina. Gulani simenti, mukambirane ndi amfumu, muumbe chinangwa chachikulu pamphambano paja, chitalike kuposa denga la tchalitchi. Mundiperekere moni kwa azakhali.

Ndine mwana wanu,
kuno ku Joni.