Mapanga Awiri, Sikirini Imodzi Yakuda

Makolo amene anapeka mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa sanaonepo kompyuta, koma munthu wa Linux wokonda magemu ankamudziwa bwino lomwe. Ndi uja mvula yamupeza kuthengo, kumanja kuli phanga, kumanzere kuli lina. Akalowa ili, maso ali pa lija, akuti likuoneka lotakasuka. Akathamangira lija, wakumbuka kuti loyamba silimadontha. Pomwe mvula ikukata, mapanga onse awiri ali ouma bwinobwino, iye yekha ndiye wanyowa mpaka kabudula wam'kati.

Phanga loyamba la mkulu wathuyu ndi Linux, imene Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 akadali wophunzira ku Helsinki. Ndi yaulere, ndipo munthu amaipinda mmene akufunira. Phanga lachiwiri ndi Windows, komwe kuli Photoshop, AutoCAD ndi magemu amene anzake onse akusewera. Njira yakale yokhalira konsekonse ndi dual boot: zonse ziwiri pa kompyuta imodzi, koma zosinthana. Akafuna gemu, atseke zonse zimene amachita, azimitse, ayatsenso, asankhe Windows, kenako adikire kuti imalize kudzikonza, popeza yakhala milungu ingapo osatsegulidwa ndipo ili ndi mangawa. Ikamadzamaliza, anzake aja apita kukagona.

Koma anthu ophunzira sakonda kugonja kwa mwambi. Anati ngati vuto ndi bwalo limene lili pakati pa mapanga, tikumbe phanga lachiwirilo m'kati mwa loyamba. Imeneyo ndiyo virtual machine, mwachidule VM: kompyuta yonamizira, yopangidwa ndi pulogalamu, ikuyenda m'mimba mwa kompyuta yeniyeni. Linux ndiye mwini phanga, Windows ndi mlendo. Fabrice Bellard wa ku France anatulutsa QEMU mu 2003, ndipo mu 2007 KVM, imene Avi Kivity analemba ali ku kampani ya Qumranet, inalowa mu Linux 2.6.20. Ziwirizi zikagwirizana, mlendo amagwiritsa ntchito pulosesa pa liwiro losasiyana kwenikweni ndi la mwini wake.

Chinatsala n'chimodzi. Graphics card imene mlendo amapatsidwa ndi yongoyerekezera. Yolembera kalata imakwana, koma gemu yamakono ikangoiona imakana kudzuka. Mankhwala ake ndi passthrough: kutenga khadi lenileni, lija lolemera lokhala ndi mafani, n'kulipereka lathunthu kwa mlendo, mwini phanga osalikhudzanso.

Pali chifukwa chimene izi sizichitika ndi batani limodzi. Khadi limawerenga ndi kulemba mu memory ya kompyuta mwachindunji, osadzera kwa pulosesa. Mlendo akaliuza malo olembapo, amatchula maadiresi a m'dziko lake lonamizira lija, ndipo popanda womasulira khadilo lingathe kulemba pamwamba pa zinthu za Linux. Womasulirayo ndi IOMMU, imene a Intel amaitcha VT-d, a AMD n'kumati AMD-Vi. Njira yaukhondo yoperekera zipangizo kwa mlendo kudzera mu IOMMU, yotchedwa VFIO, inalowa mu Linux 3.6 mu 2012, ndipo ntchito yaikulu anagwira ndi Alex Williamson wa ku Red Hat. Mkulu wathu uja, ndiye, amalowa mu BIOS, n'kusakasaka pomwe opanga motherboard anabisa mawu akuti VT-d, kenako n'kuwonjezera intel_iommu=on pa mzere woyatsira Linux. Mpaka apa kumwamba kuli ngwee.

Kuwaza kumayamba akaona magulu. IOMMU siigawa zipangizo chimodzichimodzi ayi. Imaziika m'magulu malinga ndi mmene mawaya a motherboard anayendera, ndipo lamulo lake n'loti gulu limapita lonse kapena silipita konse. Khadi lenilenilo silikhala lokha: lili ndi kachipangizo ka mawu odzera pa HDMI, ndipo makhadi ena a RTX 20 okhala ndi USB-C amaoneka ngati zipangizo zinayi. Zimenezo n'zopirika, zonse n'za khadi lomwelo. Tsoka ndi la amene motherboard yake yaika khadi m'gulu limodzi ndi kachipangizo ka intaneti kapena koyendetsa disiki. Ameneyu akapereka khadi kwa mlendo, aperekenso disiki imene Linux yakhalapo. Angathe kusamutsira khadi pa slot ina. Angathe kugula motherboard ina. Apo ayi, pali chigamba chotchedwa ACS override, chimene chimauza Linux kuti ingoyesa ngati zipangizozo n'zolekana pomwe sizili choncho. Anachilemba ndi Williamson yemweyo mu 2013, ndipo sichinaloledwe kulowa mu Linux yeniyeni, chifukwa chimabowola khoma lomwe lija IOMMU inamangidwira. Anthu amachigwiritsabe ntchito, kumachita kunyadira.

Chotsatira ndi kuuza Linux kuti isalikhudze khadilo poyaka. Lamulo la lspci -nn limaonetsa nambala za chipangizo chilichonse: za Nvidia zimayamba ndi 10de, za AMD ndi 1002. Nambalazo amazipereka kwa driver yotchedwa vfio-pci, imene ntchito yake ndi kugwira khadi n'kukhala nalo chete mpaka mlendo atabwera. Mkuluyo amasunga, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso.

Sikirini ili bii.

Palibe chawonongeka. Kompyuta yachita ndendende zimene anaiuza: yalanda khadi kwa Linux, ndipo khadilo linali limodzi lokhalo. Wina wochenjerapo amagula makhadi awiri ofanana, kuti pasakhale nsanje, osadziwa kuti makhadi ofanana ali ndi nambala zofanananso, moti vfio-pci imawagwira onse awiri. Sikirini ili biinso, koma ulendo uno pa mtengo wowirikiza.

Apa ndi pomwe mwambi uja umayamba kutolera msonkho. Pamafunika khadi lachiwiri la mwini phanga, ngakhale likhale laling'ono lija lokhala m'kati mwa pulosesa. Pamafunika sikirini yachiwiri, kapena chala chosatopa kudina batani losinthira HDMI. Kiyibodi ndi mausi azigula ziwiriziwiri, kapena aphunzire njira ya QEMU yodina mabatani onse awiri a Ctrl nthawi imodzi kuti zilumphe kuchoka kwa mwini kupita kwa mlendo. RAM aigawe pakati. Ma core a pulosesa awagawenso, ena awamangirire kwa mlendo kuti gemu isamachite chibwibwi. Windows ikufuna layisensi yake ndi disiki yake. Magetsi nawo sakhululuka: RTX 3080 yokha imadya mawati 320. Akadzakhala pansi ndi malisiti, amapeza kuti wagula makompyuta awiri, chimene wapulumutsa ndi bokosi limodzi.

Osafuna kugula khadi lachiwiri ali ndi njira yawo. Amalemba kapulogalamu koti VM ikamayaka, katseke zonse zooneka pa sikirini ya Linux, kalande khadi, kapereke kwa Windows, ndipo Windows ikazima kabweze. Kunena kwina, mwini phanga amatuluka kukaima panja mpaka mlendo atamaliza kusewera.

Tsono opanga makhadi nawo anathirapo madzi awo. Kuyambira mu 2014, driver ya Nvidia ya makhadi a GeForce inkati ikanunkhiza kuti ili mu VM, inkangokhala pansi, Windows n'kulemba uthenga wozizira wa Code 43. Makhadi odula a Quadro, ogulitsidwa kwa makampani, analibe matendawa. Ubale wa Nvidia ndi anthu a Linux unali kale wa mphaka ndi galu. Mu 2012 Torvalds anali atawaimikira chala chapakati pamaso pa kamera ku Aalto University. Pa Code 43 ija, anthu anayankha ndi bodza. Mu fayilo ya XML yofotokoza VM ankalembamo kuti KVM ibisale, n'kuikamo dzina lopeka la zilembo zosaposa 12 pamalo pomwe driver imayang'ana. Driver inkakhulupirira. Masewera obisalirana amenewa anatha mu Malichi 2021, pomwe Nvidia inatulutsa driver 465.89 n'kulengeza kuti passthrough tsopano ndi yololedwa pa GeForce, ngati kuti ndi mphatso yatsopano.

A malaputopu anali ndi chawo chapadera. Driver ya makhadi ena a Nvidia a mu laputopu imafufuza ngati pali batire, ndipo VM ilibe batire. Yankho lake linali kupanga batire yabodza, kafayilo ka ACPI kongouza Windows kuti batire ilipo ndithu. Sinatchajidwepo, siidzathanso.

AMD sinkatsekereza aliyense dala, koma makhadi ake ambiri a mibadwo ya Polaris, Vega ndi Navi yoyamba, monga RX 580 ndi RX 5700, anali ndi vuto lokana kudzuka kachiwiri. VM imayaka bwino ulendo woyamba. Ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, khadi lili duu, silimva chilichonse. Mankhwala ake anali kuzimitsa kompyuta yonse n'kuiyatsanso, chinthu chomwe chija munthuyu ankathawa pachiyambi. Mu 2020 anthu odzipereka anatulutsa kapulogalamu kotchedwa vendor-reset, kodziwa kagwedezedwe ka khadi lililonse kuti litsitsimuke, ndipo kanapulumutsa ambiri.

Mmodzi mwa amene anakalemba, Geoffrey McRae wa ku Australia, ndi yemwenso anapanga Looking Glass mu 2017, ndipo apa wolemba nkhani ino akuvula chipewa. Pulogalamuyi imatenga chithunzi chimene khadi la mlendo lajambula, n'kuchidutsitsa mu memory yogawana, n'kuchionetsa pa windo wamba ya Linux, mwachangu moti maso sazindikira kusiyana. Sikirini yachiwiri siifunikanso. Kungoti khadi la mlendo silikonda kujambula ngati palibe sikirini yolumikizidwa, ndiye anthu amagula kapulagi kotchipa ka HDMI kopanda waya, kongonamiza khadi kuti sikirini ilipo. Tiwerenge bwino: Windows ili pa kompyuta yabodza, yauzidwa kuti si yabodza, ili ndi batire yabodza, ikujambulira sikirini yabodza. Ndipo gemu ikuyenda mokoma zedi, pafupifupi ngati pa kompyuta yakeyake. Zikatheka zimathekadi, ndipo n'chifukwa chake anthu sasiya.

Ena anafika nazo patali. Mu 2016 Linus wina, Linus Sebastian wa Linus Tech Tips ku Canada, anaika makhadi 7 a Radeon R9 Nano m'bokosi limodzi loyendera pulogalamu ya unRAID, anthu 7 n'kumasewera nthawi imodzi, aliyense ndi Windows yake. Mutu wa kanema amene anaonetsamo zimenezi unkanena za pulosesa imodzi, koma m'bokosimo munali ma Xeon awiri.

Pamene anthuwa anali kalikiliki kukumba, kunja nyengo inasintha osawauza. Mu Ogasiti 2018 kampani ya Valve inatulutsa Proton, yomangidwa pa pulogalamu ina yotchedwa Wine, imene imalola magemu a Windows kuyenda pa Linux popanda Windows n'komwe. Mu 2022 inatulutsa Steam Deck, kachipangizo kosewerera m'manja koyendera Linux, ndipo opanga magemu anayamba kusamala kuti zawo ziziyendapo. Lero magemu ochuluka zedi a pa Steam, sitolo ya magemu ya Valve, amangoyaka munthu akadina batani. Amene amakanabe ambiri ndi a mpikisano wa pa intaneti, okhala ndi mapulogalamu olondera akuba m'masewera: Valorant, Fortnite, ndiponso Apex Legends, imene inatsekera anthu a Linux pakhomo mu Okutobala 2024. Amenewa ndiwo magemu oyenera VM, munthu angaganize choncho. Koma alonda omwewo amadana ndi VM koposa, chifukwa mwini phanga amatha kusuzumira mu memory ya mlendo, mlendoyo osadziwa, ndipo akuba amachitadi zimenezo. Vanguard, mlonda wa Riot Games amene amateteza Valorant, salola kuyenda mu VM. Magemu ena otetezedwa ndi BattlEye amatulutsa munthu m'bwalo akangoizindikira. Wofuna kuwanamiza monga ankanamizira Nvidia akuika pachiswe akaunti yake yonse, ndi zonse anagulamo. Choncho gemu imene Proton imaitha siifuna VM, ndipo imene Proton yalephera nthawi zambiri VM siifunanso. Mapanga onse awiri ali pomwepo, mkulu uja ali pakati, madzi akuchucha m'ndevu.

Sikuti luso limeneli lafa. Amene amajambula mapulani pa SolidWorks kapena kukonza zithunzi pa mapulogalamu a Adobe, koma moyo wawo wonse uli pa Linux, amapindula nalo tsiku ndi tsiku, ndipo Photoshop siifunsa ngati munthu akuba. Amazon inayamba kubwereketsa ma VM okhala ndi makhadi a Nvidia mu 2010, ndipo lero makampani ambiri ophunzitsa makompyuta nzeru zopangapanga amalipira pa ola kuti agwiritse ntchito makhadi amene sadzawaona ndi maso, ali m'nyumba zikuluzikulu zozizira ku Virginia kapena ku Frankfurt. Kumeneko palibe amene amalimbana ndi magulu a IOMMU pakati pa usiku ali yekha. Motherboard inasankhidwa ndi anthu olipidwa kuti aisankhe.

Palinso gulu lofatsa la anthu a Proxmox, pulogalamu ya ku Vienna yoyendetsera ma VM ambiri pa kompyuta imodzi. Awa amatenga kompyuta yakale, n'kuiponya pansi pa tebulo yopanda sikirini, n'kupereka khadi lotsalira kwa VM imodzi yoti izikonza mafilimu a pa pulogalamu ya Jellyfin kuti azioneka bwino pa foni ndi pa TV. Linux ya pansi pa tebuloyo siifuna khadi, choncho palibe cholimbirana. Imatha miyezi osazimitsidwa, mwini wake mpaka kuiwala password.