Chibale Chalowa m'Botolo

Makolo athu ankati chibale ndi fupa, sichiola. Koma chaka chino, kuno ku Mwanza, ndaona fupalo litasungunuka n'kusanduka malovu, pakuti mwana wa mlongo wanga, uja amagulitsa manachesi pamsewu wopita ku Zobue, analavulira m'kabotolo, nakatumiza kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi phindu lonse la nyengo yachisanu, ndipo posakhalitsa foni yake inamuuza kuti m'mitsempha mwake muli kadontho ka Chijeremani.

Chiyambire tsikulo mnyamatayo sagona tulo. Wagula jezi ya Bayern Munich. Pamsonkhano amafika mipando isanayalidwe, nadandaula kuti "inu Amalawi" simusunga nthawi. Ndipo atachezera usiku pa intaneti kufunafuna Mjeremani amene anapondapo chigawo chino, anakumana ndi Carl Wiese, wamalonda a minyanga wochokera ku Tete, amene mu 1891 anatenga kwa Mpezeni, mfumu ya Angoni, chikalata cha malo. "Malume," anatero, "agogo aja ndawapeza." Ndinamkumbutsa mofatsa kuti njira yochokera ku Tete kunka kwa Mpezeni siidzera kwathu kuno, iye anati wapaulendo amapatuka. Ndinamuuzanso kuti chikalata cha agogo akewo chinathera m'manja mwa kampani ya North Charterland, ndi kuti mu 1898 Angoni anathiridwa nkhondo, ng'ombe zawo zinalandidwa, ndipo Nsingo, mwana wa mfumu, anaomberedwa. Apo anayamba wakhala chete, kenaka anati pamtundu sipalephera wina wopulupudza.

Tsono chondiwawa mtima nachi: iye amene akulondola mibadwo mwakhama ngati mlembi wa mutu woyamba wa Mateyu, sadziwa ngakhale dzina la mayi amene anabala agogo ake aakazi, chikhalirecho manda awo ali pompano pa Thambani, pofikika ndi kabaza, ndipo ife eni mbumba, amene timawerenga mtundu potsata bere la amayi, tili kukamwa yasa, kudzifunsa kuti mwamuna wongodutsa, angakhale wa ku Berlin, anayamba liti kupatsa mwana mudzi.

Inu a ku Germany, ngati alipo wina mwa inu amene foni yamuuza kuti ali ndi mbale ku Mwanza, abwere adzamtenge, sitikaniza. Koma adziwiretu kuti mbale wakeyo sanasonkhebe ndalama ya simenti ya chiliza cha agogo, ndipo popeza mwalowa m'banja, msonkhowo wakugwerani nanunso.