Zovala za kunyanja ndi mlangizi wosadziwa kusambira

Sepitembala akangolowa, magulu a amayi kuyambira pa Mpingu mpaka pa Namitete, kukhotera ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma amayamba kusonkherana za ulendo wa kunyanja. A banki mkhonde, a kwaya, a Mvano, onse maso amakhala pa 15 Okutobala, Tsiku la Anakubala. Fodya amakhala atatha kale ku okushoni ku Kanengo, mvula isanayambe, kutentha kuli pachimake. Basi ya hayala imanyamuka mbandakucha, kudutsa mumzinda wa Lilongwe, kutsetsereka mapiri a ku Mvera mpaka pa Salima, kenaka kamtunda kotsala ka ku Senga Bay. Za mpunga, nkhuku ndi zakumwa komiti imamanga msanga. Nkhani yomwe imakambidwa monong'ona, amuna atatalikira, ndi yoti m'madzimo akalowamo atavala chiyani.

Apa m'pamene Mkamwini wa danga lino anadzisankha yekha kukhala mlangizi. Madzi akuya omwe mkuluyu anawalowapo ndi a pachitsime cha kudimba, pomwe amatunga othirira nazale ya fodya, ndipo amamulekeza m'mawondo. Koma anaona pafoni ya mlamu wake kuti kumaiko a azungu chisanu chikamatha amayi amakonzeratu zosambirira: chakumtunda ndi chakumunsi zoti azitha kusinthanitsa, mitundu yosasuluka msanga, ndi kansalu kodzifunditsa akatuluka m'madzi. Anafika nazo pakhomo nzeruzi madzulo, nazitula pamkeka nsima isanaphulidwe.

"Bambo ake, inuyo munayamba mwasambirapo?" anafunsa mayi akunyumba.

Mkamwini anayankha kuti ngakhale mphunzitsi wa mpira sathamanga m'bwalo. Apongozi, omwe anali chapatali kusenda mtedza, anatsokomola kawiri osanena kanthu, ndipo pamudzi paeni kutsokomola kotero kumamveka bwino kuposa mawu.

Komabe tsiku la msika litafika mlangizi anatsogola. Zosambirira zenizeni zimapezeka ndithu pa kaunjika. Zimabwera m'mabelo limodzi ndi zamkati, ndipo ogulitsa ambiri amangoziunjika pakona ya lona, chifukwa kuno kumtunda palibe amene amazifunsa ndi dzina. Zina zimagulidwa n'kukagwira ntchito ya kamisolo, zina zimathera pa ana. Mkamwini anatola kamodzi ka tizidutswa tiwiri, nakatembenuza uku ndi uku kufuna kuona kuti kutsogolo n'kuti. Kameneko ndiye bikini, komwe Louis Réard anakaonetsa koyamba ku Paris m'chaka cha 1946. Ngakhale komweko atsikana oonetsa mafashoni anakakana, mpaka mwini wake anachita kukapempha wovina wa m'nyumba zachisangalalo kuti akavale. Nsalu yake ndi yosakwana n'kuphulira komwe mphika pamoto. Wogulitsa atafunsa kuti, "Akulu, mukugulira mayi kapena mwana?" Mkamwini anakabweza pamulu n'kuyamba kufunsa mtengo wa masokosi.

Amayi pa kaunjika sachita manyazi otero, ndipo amadziwa poyang'ana. Amakoka lasitiki pafupi ndi khutu. Akamva kulira kwa thetheche, ndiye kuti mphira wa m'katimo anauma, chovalacho chikangonyowa chidzalendewera. Amachikweza kuloza kudzuwa kuti aone pomwe nsalu yapyapyala, makamaka kumbuyo pokhalira. Amayang'ana msoko ngati uli wa mizere iwiri. Kusamala konseku kuli ndi chifukwa: chichokereni Novembala 2023, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, belo lakhala likukwera mtengo, mpaka mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukadandaula. Munthu sangataye ndalama pa chovala cha tsiku limodzi pachaka.

N'chifukwa chake yunifolomu ya kunyanja ya amayi a kuno ili ndi zinthu zitatu, ndipo palibe chimodzi mwa izo chomwe chinasokedwera kusambira. Choyamba ndi tayiti wakuda wofika m'mawondo. Ameneyu amagwira ntchito chaka chonse: pansi pa chitenje pokwera kabaza, kubwalo la ntchemberembaye, kudimba, ngakhale mu Juni kukazizira. Chachiwiri ndi tisheti, koma osati yoyera ya thonje, chifukwa yoteroyo ikanyowa imakakamira pathupi n'kuulula zonse zomwe mwini wake amafuna kubisa. Chachitatu ndi chitenje.

Chitenje chiyenera kupatsidwa ulemu wake. Pagombe pomwe palibe chipinda chosinthira, amayi awiri akagwira zitenje uku ndi uku chipinda chapezeka. Chomwecho n'chopukutira, choyala pamchenga wotentha, chotchingira dzuwa, choberekera mwana, ndipo pobwerera amamangamo usipa wa apongozi. Koma ntchito yake imathera pomwe madzi ayambira. Thonje limamwa madzi n'kulemera, nsaluyo imakulunga miyendo munthu osatha kuponya phazi, ndipo funde likabwera mwamphamvu limamasula mfundo popanda kupempha. Amene anapitako kale amalowa nacho mpaka madzi afike m'chiuno, n'kuchivula, n'kuchiponyera mnzawo amene watsala kumtunda. Mkamwini atafotokoza mfundo imeneyi pakhomo ndi manja omwe, anauzidwa kuti gulu linakambirana zimenezi zaka zapitazo, iye ali ku bawo.

Pa nkhani ya tisheti ndiye mlangizi anadzikumbira yekha dzenje. Anaphunzitsa momveka bwino kuti nsalu ya poliyesita, ngati ya majezi a mpira, siimwa madzi ambiri, imauma msanga ndipo siionekera. Mayi akunyumba anavomera ndi mutu, nalowa kuchipinda, natulukira ndi jezi ya Mkamwini yofiira ya Bullets, yomwe amaivala pokhapokha Maule akamasewera ndi Silver Strikers kapena Wanderers.

"Ngati iyi, bambo ake?"

Inali ngati imeneyo.

Achinyamata amaona ngati tayiti wa kunyanja ndi chinthu chachikhalire, pomwe ndi cha dzulodzuloli. Lamulo la kavalidwe la 1973, m'nthawi ya Kamuzu Banda, linkaletsa amayi kuvala thalauzi ndi siketi yoonetsa mawondo, ndipo linachotsedwa mu 1993. Ngakhale litachoka, mu Januwale 2012 anyamata ena ogulitsa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre anavula amayi ovala mathalauzi, amayi anachita msonkhano waukulu wotsutsa nkhanzazo, ndipo Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zomwe akufuna. Tsono mayi wa ku Nsaru akaima pagombe la Senga Bay ali mu tayiti ndi jezi, wayenda mtunda wautali kuposa uja wa basi. Apongozi a Mkamwini, omwe anavinako m'gulu la mbumba, amati tayiti alibe mlandu malinga chitenje chili pafupi. Ku Australia mayi wina, Aheda Zanetti, anasoka mu 2004 chosambirira chophimba thupi lonse cha amayi achisilamu, chotchedwa burkini, ndipo chinatchuka dziko lonse. Amayi a kwa Kabudula anafika pa nzeru yofanana nayo pongosankha pa lona, popanda wowajambula m'nyuzi.

Kuti chovala cha kunyanja chione Okutobala wa chaka chamawa, mdani si nyanja ayi, ndi kachapidwe kathu. Ulusi wotanuka womwe umapangitsa tayiti kugwira thupi unapangidwa mu 1958 ndi Joseph Shivers wa kampani ya DuPont ku America, ndipo umadana ndi kutentha, dzuwa komanso kukhuzidwa. Ife kuchapa kwathu n'kumenyetsa pamwala, kufinya mpaka dontho lomaliza, kuyanika pakapinga dzuwa likuswa mtengo, kenaka n'kusita ndi simbi ya makala. Kusitako kuli ndi chifukwa chomveka, poti ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanikidwa pansi, ndipo simbi imapha mazirawo. Koma simbi yomweyo ikatera pa nayiloni imasiya chiboo chooneka ngati mapu. Njira yake ndi kutsukuluza m'madzi ozizira tsiku lomwelo kuti mchenga uchoke, sopo pang'ono, osapotokola, n'kuyanika pachingwe m'nyumba momwe ntchentche ndi dzuwa sizifika. Chikauma bwinobwino ndiye chilowe m'sutikesi. Chosiyidwa chonyowa m'jumbo mpaka Lamulungu chimatuluka ndi nkhungu ndi fungo loti ngakhale galu amabwerera.

Pali zina zomwe nsalu iliyonse singathe. Likodzo silisankha kuti uyu wavala bikini, uyu wavala chitenje. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, makamaka m'mabango, n'kulowa pakhungu, ndipo mankhwala ake ndi mapiritsi a praziquantel a kuchipatala. Nyanjayi kumpoto imazama mamita pafupifupi 700, koma munthu wosadziwa kusambira safuna onsewo, awiri okha amkwanira. Choncho okwera boti kukazungulira chilumba cha Namalenje afunse kaye jekete yoyandamitsa asanapereke ndalama. Ndi chovala chonyansa pa chithunzi, chimabisa jezi ndi tayiti yemwe, koma pa zovala zonse za tsikulo ndi chokhacho chomwe chimadziwa kusambira. Apolisi amachenjeza chaka ndi chaka za anthu omira pa maholide, ndipo kawirikawiri mowa umakhala uli pafupi.

Nanga mlangizi mwini wake amavala chiyani kunyanja? Amene anamuonapo pagombe akuti amakhala pansi pa mtengo, thalauzi atapinda mpaka m'mawondo, masokosi ali m'thumba la shati, nsapato atazikumbatira kuopa akuba. Ntchito yake ndi kulondera zikwama, kusunga mafoni a gulu lonse ndi kukuwa kuti "Bwererani, mwapita kutali!" kwa anthu omwe madzi akuwalekeza m'chiuno. Tsiku lina mwana wobwereketsa machubu a galimoto anamuitana kuti "Agogo, yesaniko," iye n'kuyankha kuti adokotala anamuletsa, ngakhale palibe dokotala amene anamufunsapo za nkhaniyi.

Chaka chino komiti yamanga mfundo yatsopano. Popeza mtengo wa hayala wakwera, mipando ya amuna yachotsedwa, ndipo mafoni adzasunga ndi msungichuma. Mkamwini wapatsidwa udindo wothirira nazale, kutsekera mbuzi ndi kuphikira apongozi, omwe anena kale kuti nsima ya mibulu sadya. Atapempha kuti aone mndandanda wa opita, anapeza kuti pakhomo pake palembedwa awiri: mayi akunyumba ndi jezi ya Bullets.