Luso loponya makadi pansi

Amene amati mpikisano wa poker wa osadziwa ngati ife suphunzitsa kanthu akulakwitsa, ndipo ndikunena izi ine amene nkhope yanga imaulula makadi ndisanawaone bwino mwiniwakene. Masewerawa amaphunzitsa chinthu chimene ife a ku Unit N kuno ku Chitungwiza tinachikana kalekale: kuponya makadi pansi n'kunena kuti "pano ndatuluka". Akatswiri amataya makadi ambiri amene agawiridwa, n'kukhala phee kudikira abwino. Ife ayi. Tikagwira 7 ndi 2, makadi amene pa Texas Hold'em aliyense amawathawa, timawapsompsona n'kuponyapo ndalama ya lendi. Mlanduwu si wathu tokha, ndi wa m'magazi. Agogo athu anakwera malole a Ulere kuchoka ku Nyasaland kubwera kuno atabetcha moyo wonse kuti abwerera kumudzi ndi njinga, ambiri n'kusanduka matchona. Adzukulufe tinafumbata pepala la madola 100 trillion mu 2009, tinalandira ma bond note mu 2016, ndipo ndalama ya ZiG itafika mu 2024 tinangokokera mpando pafupi n'kunena kuti, "Gawaninso."

Wina andikumbutsa za Chris Moneymaker, wowerengera ndalama wa ku Tennessee, amene mu 2003 anapata madola 2.5 miliyoni pa mpikisano wa poker ku Las Vegas asali katswiri. N'zoona. Koma mpikisanowo analowa anthu 839, ndipo 838 enawo sindinamve akutchulidwa pa Makoni kwathu kuno. Royal flush, makadi opambana onse, imene timailota ija imatuluka kamodzi pa 649,740 munthu akagawiridwa makadi asanu, pamene Chitungwiza yense, kuwerengera ndi makanda omwe, sakwana anthu 400,000. Abusa nawo akuti juga ndi tchimo, ndipo sindiwatsutsa, poti thumba langa linavomera ulalikiwo kale, mutu wokha ndiwo ukuchedwa. Ena akuti poker imaphunzitsa kunamiza mnzako nkhope ili gwa. Amenewo sanaone munthu wa kuno akuuza mwininyumba kuti "mawa" osaphethira, mwezi wachitatu uli mkati. Maphunziro amenewo tinamaliza, tikhoza kutsegula koleji.

Choncho inu amene mukufuna kukonza mpikisano kuno ku Seke, betcheranani zitsekerero za mabotolo, ndipo mphoto mupatse munthu woyamba kuimirira n'kupita kwawo ndalama ya ufa ikadali m'thumba.