Ulemu kwa Kasinja Wopsa

Ana a ku Insaca, a ku Entre Lagos ndi a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Chiuta amadziwa kupinda waya. Apatseni waya wa mpanda, malegeni ndi masilipasi akutha, dzuwa lisanalowe mudzaona galimoto ikutimba fumbi, mwini wake akulirira injini ndi pakamwa. Zimenezo n'zabwino, koma n'zachibwana. Amene ndikufuna timuvulire zipewa lero ndi mmisiri uja wotaya masiku ake kupanga kachifanizo ka galimoto yankhondo yopsa kale, yopanda matayala, yopanda woyendetsa, yosapita kulikonse.

Musaseke, abale anga. Mwa akasinja onse amene anapondapo dothi la Mozambique, wopsa yekha ndiye wamakhalidwe. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inayamba mu 1977 n'kudzatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Zaka zonsezo akasinja amoyo ankamwa mafuta osakhuta, kuponda chinangwa cha eni ake ndi kubalalitsa midzi. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, enanso ochuluka chomwecho anathawira ku Malawi, ndipo kwa a ku Mecanhelas njira inali kudula madambo a Chiuta ndi Chilwa kukatulukira ku Machinga. Njanji ya ku Nacala inasanduka bwalo la nkhondo, mpaka asilikali a Malawi anatumizidwa kukailondera. Nanga kasinja wopsa? Ndani anamvapo kuti walanda mbuzi ya munthu? Anangokhala duu m'mbali mwa msewu, abuluzi akuwothera dzuwa pamsana pake, osapempha dontho la mafuta kapena penshoni. Pangano la mtendere iye analisunga akuluakulu asanalisainire n'komwe.

Munthu wotere ngofunika chifanizo, ndipo ntchito yake si yamasewera. Wopanga galimoto yoyenda amagwira ntchito kamodzi. Wopanga yopsa amagwira kawiri: ayambe waimanga mwaluso, kenako aiwononge mwalusonso. Tengani BTR-60, galimoto yachitsulo yonyamula asilikali imene boma linkalandira kuchokera ku Soviet Union. M'litali inkapitirira mamita 7, matayala 8, mainjini awiri, onse a petulo. Amene anaikamo petulo ameneyo anafupikitsa ndithu ntchito ya moto. Akatswiri a zifanizo ku Ulaya ndi ku Japan amakonda muyeso wa 1:35, kutanthauza kuti masentimita 35 aliwonse amasanduka imodzi, choncho chilombo chonsechi chimatsala masentimita 21, chokwana m'chikhatho ndi theka. Amagula zidutswa zapulasitiki ku makampani ngati Tamiya, n'kuzimata usiku wonse. Akamaliza amapitanso kusitolo kukagula utoto wooneka ngati dzimbiri ndi ufa wooneka ngati mwaye. Azibambo andevu zawo, kugula dzimbiri m'kabotolo!

Kuno dzimbiri ndi laulere, ndipo ndi lenileni. Dulani chitini cha sadini kapena cha mafuta ophikira, pindani thupi lake, boolani mawindo ndi msomali. Mukakhutira kuti chakongola, chiikeni pambaula mpaka utoto utuke matuza n'kusupuka. Chiwazeni madzi amchere, chigone panja pa mame. Zotsalazo muisiyire mvula. Matayala musaike, chifukwa mphira ndiyo imayamba kutha m'moto. Pamatsala malimu ndi timawaya tozungulira, galimoto n'kugona chamimba. Mbali imene moto unakolera kwambiri ikhale yotuwa ndi phulusa, kwinako kufiirire. Chitseko chakumwamba muchisiye chotsegula. Amene anali m'katimo analibe nthawi yotseka, ndipo ena mwa iwo, anyamata ongogwidwa kumudzi n'kuvekedwa yunifolomu, sanachifikire n'komwe chitsekocho.

Ubwino wa kachifanizoka sungathe kuwerengeka. Sikafuna kukonza, poti kanawonongeka kale. Mng'ono wanu sangakalirire. Wakuba akakaona amakamvera chisoni. Ndipo tsiku lina mayi akusesa pakhomo adzakatola n'kukaponya kudzala, poganiza kuti ndi chinyalala. Mmisiri asakwiye. Mphotho yoposa imeneyo palibe, chifukwa ngakhale diso la mayi lavomereza kuti chinthuchi chinathadi ntchito.

Mfuti zinachita mwayi kuposa akasinja. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique anayambitsa ntchito yosinthitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfutizo zinadulidwadulidwa, amisiri a ku Maputo n'kuziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando wa mfuti umene anapanga Cristóvão Canhavato, wodziwika kuti Kester, lero uli ku British Museum mumzinda wa London, anthu akuujambula. Koma ndani akanasenza kasinja kupita naye kwa abishopu kukatenga khasu? Mnzathuyu anatsalira ogula zitsulo zakutha, amene samufunsa za mbiri yake, amangomuika pasikelo kilo ndi kilo. Nduna yonse yamtendere kutha ngati mphika wobooka.

Pano anthu ambiri m'dziko la Mozambique anabadwa 1992 itadutsa. Chitsulo chachikulu chimene mwana wa ku Entre Lagos amachidziwa ndi sitima ya malasha yochokera ku Moatize, yodutsa ku Nayuchi kupita kudoko. Akaona kasinja ndiye kuti ndi pa TV kapena pafoni, wopakidwa utoto, wonyezimira, mzinga uli m'mwamba, ngati kuti akasinja samwalira. Kachitini kathu kamwaye kokha ndiko kamanena zoona za kumene ulendowo umathera.

Choncho ndikupempha akuluakulu okonza mwambo wa pa 25 Seputembala, tsiku la asilikali, kuti chaka chino kasinja wopsa atsogolere perete, patsogolo pa mbendera ndi a bandi. Vuto lilipo limodzi: matayala alibe, ndiye payekha sadzafika pabwalo. Papezeke mwana womusenza pankhata, ndipo wang'oma achepetseko liwiro.